Kodi Ireland ndi Scotland akanatha kukhala dziko limodzi?

Funso: Akulu, ndinamva kuti anthu a ku Ireland ndi a ku Scotland ndi pachibale. Nanga analephereranji kupanga ufumu umodzi?

Yankho: Chibalecho ndi chenicheni. Pamalo pena nyanja yowalekanitsa ndi makilomita pafupifupi 20 okha, ndipo ufumu wakale wa Dál Riata unali tsidya lino ndi tsidya lija. Columba, mlaliki wochokera ku Ireland, anakhazikika pachilumba cha Iona ku Scotland mu 563. Zilankhulo za Gaelic za m'mayiko awiriwa n'zamtundu umodzi.

Mpata weniweni unapezeka mu 1315, pamene Edward Bruce, mng'ono wa Mfumu Robert Bruce ya ku Scotland, anawoloka ndi asilikali nalengezedwa kukhala mfumu ya Ireland. Koma anafika m'zaka za njala yoopsa, ndipo asilikali ake ankalanda chakudya cha anthu omwe ankati akuwamasula ku ulamuliro wa Angerezi. Mafumu a ku Ireland nawonso sanali pamodzi: ena anamulandira, ena anamukana. Edward anaphedwa ku Faughart mu 1318. Ine ndimaona kuti, ngakhale akanapambana, kugwirizanitsa mafumuwo kukanamuvuta kwambiri.

Kenaka, kuyambira 1609, Apolotesitanti ambiri a ku Scotland anapatsidwa minda yolandidwa ku Ulster, kumpoto kwa Ireland, ndipo chipembedzo chinagawa abalewo.