Makala, Mtsiro ndi Dongo: Malangizo kwa Mphunzitsi wa Zaluso ku Sekondale

Mphunzitsi amene wapatsidwa phunziro la zaluso pasukulu ya sekondale, makamaka sukulu yoyendera ya kumudzi, kawirikawiri amalowa m'kalasi ali chimanjamanja, napeza ana ali thithithi akumuyang'ana, m'kabati mulibe utoto, mulibe maburashi, ngakhale pepala loyera mulibe; ndipo poona zimenezi ambiri amataya mtima, natembenukira kubolodi, nayamba kulembetsa ana manotsi a zinthu zimene manja awo sadazikhudzepo. Kwa inu amene zakugwerani zotere ndikuti musafulumire kudandaula, pakuti zipangizo zanu mwadzera kuziponda ndi mapazi pobwera kusukulu. Iwo amene adajambula pamatanthwe a ku Chongoni m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a zithunzi zakale amene bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wake wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006, sadagule kanthu kusitolo: zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa zidachokera m'nthaka yomweyi, ndipo zilipobe kufikira lero lino.

Musanagwire kanthu, yambani mwakhala pansi ndi kalendala, chifukwa ntchito imeneyi imamvera nyengo monga momwe ulimi umamvera. Teremu yoyamba, imene imayamba mu Seputembala, ikhale ya makala, ndipo m'masiku omwewo, madambo akali ouma, mukakumbe dongo ndi kulisunga. Teremu yachiwiri, mvula ikamatsekereza anthu m'nyumba, ikhale ya utoto. Tsono teremu yachitatu ndiyo ya kuumba ndi kuotcha. Amene aumbitsa ana mu Januwale adzadikira mbiya zake kuti ziume kufikira atatopa, ndipo nkhuni zake zidzangofuka utsi.

Makala ojambulira sindiwo a pambaula, amene ali olimba ndi okanda pepala. Tumani ana akadule timitengo towongoka ta mabulosi kapena ta gwafa, tonenepa ngati pensulo. Atisende makungwa, atiumitse, atithithikize m'chitini chokhala ndi chivundikiro, chimene mwachiboola kamodzi ndi msomali. Ndipo chitinicho muchiike pamoto kufikira utsi wotuluka pakabowo utaleka, nimuchisiye chizizire chosatsegula, pakuti mukachivundukula chikali chamoto mpweya udzalowa ndipo mudzapeza phulusa lokhalokha. Pepala musalisankhe: mapepala a matumba a simenti okuntha bwino, makatoni ndi nyuzipepala zakale, zonsezi zimalandira makala.

Koma chimene muphunzitse m'teremu imeneyi si dzanja ayi, koma diso. Mwana aliyense amadza ali ndi nyumba yake yam'mutu, mtengo wake wam'mutu ndi nkhope yake yam'mutu, zimene wakhala akuzijambula chiyambire ku pulayimale. Ndipo mukamuikira mtsuko patsogolo, iye amauyang'ana kamodzi, naweramira pepala, najambula mtsuko wam'mutu uja, kukamwa kwake kozungulira ngati mwezi, chinkana kuchokera pamene wakhalapo kukamwako kukuoneka kophwatalala ngati dzira logoneka. Chifukwa chake ikani pakati pa kalasi chinthu chimodzi chodziwika, mtsuko, lichero kapena khasu, kumbali ya zenera limodzi kuti kuwala kudzere mbali imodzi. Muwaonetse kutambasula mkono ndi kuyesa msinkhu wa chinthucho ndi chala chachikulu pa kamtengo, kuti adziwe ngati kutalika kwake kuposa kufufuma kwake. Kenaka muwauze atsinzine pang'ono, pakuti potero tinthu tating'onoting'ono timazimirira, ndipo chimatsala ndi kuwala ndi mthunzi basi. Musalole kukopera zithunzi za m'magazini kapena za mufoni m'masabata oyamba, chifukwa kumeneko wina adawaonera kale. Ndipo tsiku lililonse, phunziro lisanayambe, mwana mmodzi aime patsogolo atasenza ndowa kapena atawerama ngati wolima, anzake amujambule m'mphindi ziwiri zokha, osafufuta. Adzaseka, adzadandaula kuti nthawi yachepa, koma kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pakutha pa mwezi mudzaona mapewa ayamba kukhala pamalo pake.

Za utoto sindichulutsa mawu, chifukwa amayi amene amazira nyumba ndi kukongoletsa makoma ndi mtsiro wamitundumitundu adziwa kale kumene kuli dothi lofiira, lachikasu, loyera ndi lakuda, ndipo ana awo ali m'kalasi mwanumo. Dothi lililonse lisinjidwe, lisungunulidwe m'madzi, livundulidwe. Mchenga ukangotsikira pansi mutsanulire madzi amtunduwo m'chiwiya china, ndipo akadikha usiku wonse, nsenga zosalala zotsala pansi ndizo utoto wanu. Wakuda utuluka m'mwaye wa kukhitchini. Kuti usayoyoke ukauma, sakanizani ndi utomoni wa mthethe wosungunula m'madzi ofunda, kapena ndi chachikasu cha m'dzira, chimene amisiri a ku Italy ankagwiritsa ntchito utoto wamafuta usanafale. Koma wa dzira ukonzedwe wa tsiku lomwelo, chifukwa suchedwa kununkha. Burashi ndi kamtengo kotafuna kunsonga, kapena ubweya wa kumchira wa mbuzi womanga ndi ulusi, kapena nthenga ya nkhuku. Ngati ahedi akupatsani kandalama, musakamwaze pa bokosi la mitundu yambirimbiri: gulani wabuluu, pakuti umenewo nthaka yathu sipereka msanga, ndipo ukakumana ndi wachikasu ubala wobiriwira wa chimanga chimene chili panja pa zenera m'teremu yachiwiriyo.

Tsono tifike pa dongo, pamene pali ntchito yeniyeni, ndi pamene mphunzitsi wodzikuza amagwa chagada. Ngati simudaumbepo, musanamizire kudziwa. Safunsa adadya phula. Pitani kwa amfumu mwaulemu, mufunse mayi amene amaumba m'mudzimo, mukamupemphe monga mupempha mmisiri, osati monga muitana waganyu, ndipo sukulu imuthokoze ndi kanthu. Pakuti iye adziwa pamene pali mtapo wabwino, adziwanso miyambo ya pamalopo, imene si bwino kuinyoza pamaso pa ana ngakhale inu muli ndi maganizo ena. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zaluso a Kungoni m'chaka cha 1976, ntchito idakula chifukwa chomvera eni mudzi ndi kuphunzira zimene iwo adazidziwa kale. Anyamata adzang'ung'udza kuti kuumba ndi ntchito ya akazi; musakangane nawo, ingowafunsani amene ankaumba ng'ombe zadothi kubusa, nyanga ndi linunda lomwe, ndipo manyazi adzawathera pomwepo.

Dongo lisanasenzedwe lambiri, liyeseni. Tengani kachibulumwa konyowa, mukafulukute m'manja kakhale ngati chingwe chonenepa ngati chala, nimukazengeze pachala chanu: kakathyoka, mchenga wachuluka; kakapindika popanda ming'alu, dongolo lili ndi moyo. Kenaka umbani kathabwa kopyapyala, mulembepo mzere wa masentimita 10, kaume pamthunzi, nimuyesenso. Pakuti dongo lililonse limafota pouma, ndipo mzerewo ukachepa koposa sentimita imodzi, kapena kathabwako kakapotoka ndi kung'aluka, ndiye kuti dongo lanona kwambiri, lifuna mapale. Apa ana aphunzira masamu osadziwa kuti akuphunzira. Dongo lovomerezeka liumitsidwe, liphwanyidwe, liviikidwe mumgolo masiku awiri kapena atatu, lisefedwe kuchotsa timiyala ndi mizu, ndi kuthiridwa pa ziguduli kuti madzi atsike. Ndipo mapale a miphika yakale, osinja mumtondo ndi kusefa, asakanizidwe nalo, monga muyeso umodzi pa miyeso inayi kapena isanu ya dongo, chifukwa mapale adaona kale moto, safotanso, ndipo amatsegula tinjira totulukira nthunzi. Likandeni ndi kulimenyetsa pansi kufikira mutalidula ndi waya osaonamo kabowo ka mpweya. Posamala m'chipinda mukolope ndi madzi, musasese pouma, popeza fumbi la dongo likalowa m'mapapo silitulukamo.

Choumba choyamba chikhale kambale kotsina: mpira wa dongo wokwana m'dzanja, chala chachikulu chilowe pakati, ndipo mwana atsine akutembenuza, kufikira khoma lonse litalingana. Akatha kutero ayambe zomanga ndi zingwe za dongo, atakhazika tsinde pa phale kuti azizungulitsa ntchito yake m'malo moizungulira iye. Chingwe chilichonse chifafanizidwe ndi chinzake mkati ndi kunja, kuti pasatsale msoko, kunja akusalaza ndi chitsononkho, mkati akupala ndi kachidutswa ka chikho, dzanja lina litachirikiza kuseri. Khoma lisanenepe koposa chala chaching'ono. Amene afuna kuumba nyama kapena mutu wa munthu aubowole mkati ndi kusiya kabowo kopumira, ndipo polumikiza chogwirira kapena khutu akandekande mbali zonse ziwiri ndi kupakapo phala la dongo lomwelo. Chiwiya chachikulu sichitha tsiku limodzi: chikafika pamimba chifunditsidwe ndi pepala la pulasitiki kapena masamba a nthochi, tsinde lilimbe, mawa lake nkupitiriza khosi. Dongo likauma pang'ono, lolimba ngati chikopa koma losayera, ndiyo nthawi yocheka zokongoletsa ndi kupaka dothi lofiira, ndi kukulunga ndi mwala wosalala wa kumtsinje, umene amayi amautcha nkhulungo, kufikira chiwiya chitanyezimira. Kunyezimira kumeneko kukukwanireni; munthu asakunyengeni kuti musungunule mtovu wa m'mabatire a galimoto kuti mbale ziwale ngati za kusitolo, pakuti mtovu ndi poizoni wolowa m'chakudya ndi kuononga ubongo wa ana mwakachetechete.

Kuumitsa kufuna mtima wautali, ndipo apa ndi pamene ana amakuvutitsani, kufunsa m'mawa uliwonse kuti, “Aphunzitsi, tiotcha liti?” Zoumba zikhale m'nyumba, kutali ndi dzuwa ndi mphepo, zofunditsa masiku oyamba, kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo ngati kwagwa chiperoni, ndipo kuti mudziwe ngati zauma, gunditsani tsinde patsaya lanu: likazizira, madzi akalimo. Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo otsalira m'khoma la mbiya akasanduka nthunzi mwadzidzidzi amaiphulitsa, niphwanya ndi zinzake zoyandikana nazo zimene zidalibe mlandu.

Tsiku lootcha likhale lopanda mphepo, malo ake olambula bwino, kutali ndi madenga audzu, ndowa za madzi zili pafupi, ndipo ana agawidwe ntchito dzulo lake kuti pasakhale piringupiringu. Yambani mwawamba zoumbazo: muzindandalike mozungulira kamoto kakang'ono, muzizitembenuza ndi kuzisendeza pang'onopang'ono kufikira zitatentha zosagwirika ndi dzanja, ndipo musaumire nthawi pa ntchito imeneyi, pakuti zambiri zimene zimasweka zimaswekera kusowa kwa kuwamba. Pamenepo yalani nkhuni pansi, sanjikanipo zazikulu mozondotsa ndi zazing'ono m'mipata, nimukwirire zonse ndi makungwa, ndowe zouma za ng'ombe, zitsononkho ndi udzu pamwamba, kuti pasaoneke chiwiya ndi chimodzi chomwe. Moto ukakolera muziwonjezera pamene paboka, chifukwa mphepo yozizira ikakhudza mbiya yofiira imaing'amba. Dongo limasanduka phale losabwereranso kumatope likapitirira madigiri ngati 600, ndipo moto wotere umafikapo bwino lomwe. Chizindikiro chake ndi kupsa kwa zoumbazo, kuoneka psuu ngati khala mukasuzumira m'kati. Amayi ena amazitulutsa zikali zamoto ndi mitengo yaitali, naziwaza madzi a makungwa kuti zichite mawanga akuda. Ngati mmisiri wanu atero, achite yekha ana akuonerera patali, koma zotsalazo zigone m'phulusa kufikira m'mawa.

Kukacha mwana aliyense afukule chake, achipukute, achigogode ndi chala: chomveka ngwee chapsa ndipo ndi chamoyo, chomveka phwephwe chili ndi mng'alu kapena sichidapse. Musataye zosweka msanga, ndipo musamudule malikisi mwana chifukwa cha moto umene sadaulamule yekha. Khalani nawo pansi mozungulira, muyang'ane m'mphepete mwa phale lililonse, muone ngati khoma lidanenepa, ngati mudali kamwala, ngati msoko sudafafanizidwe, kapena ngati mkati mwatsala mwakuda chifukwa moto udachepa, ndipo zonsezi zilembedwe m'kope limodzi la kalasi, pamodzi ndi malo amene dongo lidakumbidwa, muyeso wa mapale ndi masiku amene zidauma. Zopulumuka ziikidwe pakhonde tsiku lotsekera sukulu, pambali pa zithunzi za makala ndi za mtsiro, makolo ndi mayi woumba uja ataitanidwa. Ndipo mapalewo muwasonkhanitse m'thumba, mulimange, mulisunge m'kabati, kuti a Fomu 1 odzalowa mu Seputembala adzawasinje.