Phunziro 7: Maso Oyabwa

Chilimwe chikafika, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, mphepo imautsa fumbi ndipo tchire limapsa. Nthawi imeneyi anthu ambiri, akulu ndi ana omwe, amadandaula kuti maso akuyabwa. Ena amati awalodza. Iyayi, si ufiti.

Chimayambitsa n'chiyani?

Ziwengo tonse tikuzidziwa. Anthu adya ndiwo imodzi, koma mmodzi yekha atuluka ziwengo. Thupi lake ladana ndi ndiwoyo. Maso nawonso amatero. Amatha kudana ndi fumbi, utsi, mungu wa chimanga ndi udzu, ubweya wa mphaka, nthenga za nkhuku, sopo kapena mafuta odzola. Akatero, onse awiri amayabwa, amafiira, misozi nkumangotuluka. Kwa ana ena, poyera pa diso pamaoneka pofiirira ngati dothi. Ambiri mwa anawa vutoli limawathera akakula.

Kuyabwa kotereku sitipatsirana. Maso amene timapatsirana amatha kutuluka mafinya, ndipo m'mawa zikope zimamatirira.

Tichite chiyani kunyumba?

1. Musatikite maso. Kutikita kumakoma kanthawi kochepa basi, koma kumawonjezera kuyabwa ndipo kungawononge diso.
2. Sambani m'manja ndi sopo, kenaka sukusulani ndi madzi oyera.
3. Viikani kansalu kochapa bwino m'madzi ozizira a mumtsuko. Tsinzinani, ndipo kaikeni pamaso kwa mphindi 5 mpaka 10. Chitani izi kangapo patsiku.
4. Wazani madzi pansi musanasese. Phikirani malo opita mphepo. Nkhuku ndi mphaka zisagone m'chipinda chanu.

Zosayenera kuchita

Musathire m'maso mkaka wa m'mawere, mkodzo, shuga, mchere kapena madzi a zitsamba. Izi zachititsa khungu anthu amene akanachira. Musabwereke mankhwala a mnzanu, kapena kugula a pamsika. Mankhwala a tetracycline amapha tizilombo, koma sathetsa kuyabwa kwa mtundu uno. Mankhwala ena odontheza amaletsadi kuyabwa msanga, koma akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali popanda dokotala amayambitsa ng'ala, ngakhale khungu limene.

Tipite liti kuchipatala?

Pitani ngati kuyabwa kwapitirira masiku angapo. Kumeneko ali ndi mankhwala oyenera. Akakupatsani Piriton, dziwani kuti amagonetsa. Koma thamangani tsiku lomwelo ngati diso likupweteka, silikuona bwino, likuopa kuwala, kapena latuluka kadontho koyera pakuda paja. Khanda lotuluka mafinya m'maso lisagone kunyumba. Vuto likakula, adzakutumizani kwa madokotala a maso monga a ku Nkhoma kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Maso tili nawo awiri okha. Ndi omwewa tikuwerengera bukuli. Tiwasamale.

Mafunso

1. Tchulani zinthu 3 zimene maso amadana nazo.
2. Kodi kuyabwa kotereku kumasiyana bwanji ndi maso opatsirana?
3. Kwanu kuno anthu amathira chiyani m'maso? Kambiranani kuopsa kwake.
4. Lembani m'kope mwanu: Sinditikita maso anga.