Chala Chokana Kupinda

Zikomo bambo a ku Nsaru chifukwa cha kalata yanu. Mwati chikwanje chinakutemani pachikhatho, bala linapola, koma chala chikukana kupinda. Pamenepo, bambo, n'kutheka kuti panaduka mtsempha wolumikiza mnofu ndi fupa. Mtsempha umenewu sulandira magazi ambiri, ndiye umachedwa kupola, ndipo ukaduka nsonga zake zimathawana.

Zimene mwati munamva za njira zatsopano zochizira mtsempha n'zoona. Kunja madokotala ena akausoka amamatapo kachigamba ka kolajeni wochokera ku ng'ombe kapena nkhumba, koma zomeretsa mtsempha watsopano mu labotale akadali kufufuza. Kwathu kuno amausoka ndi ulusi, kenako mafizo.

Chonde musazengereze. Pitani ku Kabudula kapena ku St Gabriel's ku Namitete, akakutumizeni kwa madokotala a mafupa ku Kamuzu Central.