PHUNZIRO LA SABATA INO: Munthu wa ku Neander, m'bale amene anamunyoza asanamudziwe



Ife a kuno ku Mwanza timaona nkhope zambiri. Mutaima pa boda m'mawa umodzi wokha muona madalaivala a mathiraki ochokera ku Beira, anyamata a zikwama akuthamangira basi ya ku Joni, amayi a ku Zobue atasenza malonda, wina wa ku Somalia, wina wa ku China. Ndiye tisanamizane, diso limafulumira kuweruza. Munthu sanayankhule n'komwe, ife tamupatsa kale dzina. Phunziro la lero ndi la mtundu wina wa anthu akalekale amene anaweruzidwa chonchi, ndipo amene anawaweruzawo anali anthu ophunzira kwambiri.

Tigwirizane kaye chinthu chimodzi. Mafunso a chiyambi cha chilengedwe ali ndi eni ake, ma sheikh athu alipo. Pano tikungoona zimene mafupa ndi magazi akuonetsa akapimidwa.

ANAPEZEKA BWANJI?

Mu 1856 anthu okumba miyala ya laimu m'chigwa cha Neander, pafupi ndi mzinda wa Düsseldorf ku Germany, anafukula mafupa m'phanga. Panali denga la chibade chokhala ndi mtumbira wa fupa pamwamba pa maso, ndi mafupa a miyendo okhuthala modabwitsa. Mu 1864 katswiri wina, William King, anapatsa mwini mafupawo dzina loti Homo neanderthalensis. Lero timangoti ma Neanderthal.

Anthuwa anakhala ku Ulaya ndi mbali ina ya Asia kuyambira zaka pafupifupi 400,000 zapitazo, n'kudzazimirira zaka pafupifupi 40,000 zapitazo. Anali afupiafupi koma ojintcha, a chifuwa chotambalala, mphuno yaikulu, chipumi chopendekera kumbuyo, ndipo chibwano chosongoka ngati chathuchi analibe. Thupi lalifupi ndi lonenepa limasunga kutentha, n'chifukwa chake ankapirira kuzizira kwa kumeneko. Nanga ubongo? Kukula kwake kunali ngati wathu, mwa ena kuposerapo pang'ono.

PAMENE OPHUNZIRA ANALAKWITSA

Mu 1908 ku La Chapelle-aux-Saints ku France kunapezeka mafupa a Neanderthal wachikulire. Katswiri wotchuka Marcellin Boule atawapima anamujambula ali wowerama, mawondo opindika, khosi lolowa m'mapewa ngati nyani. Chithunzi chimenechi chinalowa m'mabuku ndi m'manyuzipepala, mpaka dzina loti Neanderthal linasanduka chitonzo, kutanthauza munthu wopusa ndi wankhanza.

Mu 1957 akatswiri awiri a za thupi la munthu, William Straus ndi Alexander Cave, anakaonanso mafupa omwe aja. Anapeza kuti mkuluyo ankadwala nyamakazi ya msana, ndipo kuti anthu a mtundu wake ankayenda chilili ngati ife. Mwaonatu? Zili ngati mlendo afike kwa Thambani, aone agogo amodzi akuyendera ndodo, abwerere kwawo kukalengeza kuti anthu onse a ku Mwanza amayenda chowerama.

MAFUPA AKUFOTOKOZA ZA MTIMA

M'phanga la Shanidar kumpoto kwa Iraq, Ralph Solecki ndi gulu lake anafukula mafupa a ma Neanderthal angapo m'zaka za m'ma 1950. Mmodzi wa iwo, amene amamutcha Shanidar 1, anali ndi mkono wamanja wopuwala, anavulala kwambiri pa fupa la diso lakumanzere, mwendo unali wolumala, ndipo makutu samamva bwino. Chodabwitsa n'chakuti mabala akewo anapola, iye n'kukhalabe moyo mpaka kufika zaka za m'ma 40. Munthu wotere, m'dziko la zilombo ndi chisanu, sakanatha yekha. Alipo amene ankamusakira nyama, alipo amene ankamudikira poyenda.

Anthuwa ankasonkha moto, ankasema miyala kukhala mipeni ndi nsonga za mikondo, ndipo ankatentha makungwa a mtengo wa birch kupanga phula lomatira nsongazo ku mtengo. M'phanga la Bruniquel ku France, mamita oposa 300 kulowa mkati mumdima, muli miyala yoikidwa mozungulira zaka pafupifupi 176,000 zapitazo, nthawi imene kumeneko kunali iwo okha. Kulowa mtunda wotero pamafunika muuni ndi kumvana. Kafupa ka pammero kamene lilime limatsamirapo kanapezeka ku Kebara, ndipo kafanana ndi kathu.

MAGAZI ATULUTSA CHINSINSI

Mu 2010 gulu la Svante Pääbo ku Leipzig linalengeza kuti lawerenga DNA ya ma Neanderthal kuchokera m'mafupa. DNA ndi malangizo a chibadwa amene ali m'thupi la aliyense, amene timalandira kwa bambo ndi mayi. Anapeza kuti anthu a masiku ano amene makolo awo ndi a kunja kwa Africa ali ndi DNA ya Neanderthal pafupifupi 2 peresenti. Ndiye kuti anthu a mtundu wathu atatuluka mu Africa, zaka pafupifupi 50,000 zapitazo anakumana ndi ma Neanderthal n'kubereka nawo ana. Pääbo analandira mphoto ya Nobel mu 2022.

Ife a mu Africa tili nayo pang'ono zedi. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Princeton mu 2020 anapeza pafupifupi 0.3 peresenti, imene mbali yaikulu inabwera ndi anthu obwerera mu Africa kalekale. Ndipo izi si nthano chabe. Nthawi ya Covid-19 zinadziwika kuti kachigawo kena ka DNA kochokera kwa ma Neanderthal kamawonjezera chiopsezo chodwalika kwambiri. Kamapezeka mwa anthu ambiri ku South Asia, pamene mu Africa n'kosowa.

Taganizani. Kwa zaka zambiri panali azungu ena amene ankalemba kuti munthu wakuda ndi wotsalira, ali pafupi ndi "anthu a m'mapanga". Magazi atapimidwa, cholowa chachikulu cha munthu wa m'phanga uja chinapezeka mwa adzukulu awo omwe. Koma apa tisamale, tisatembenuze chitonzo n'kuyamba kunyoza ena. Zimenezo n'kubwereza kulakwa kwa Boule. Phunziro ndi lakuti palibe mtundu wa magazi osasakanikirana.

NANGA KUNO KWATHU?

Mafupa a Neanderthal sanapezekepo mu Africa, koma dera lathu lino lili ndi mbiri yakale kuposa iwo. Mu 1991 ku Uraha m'boma la Karonga, gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya Homo rudolfensis ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Nkhani yake mungakaione ku Cultural and Museum Centre Karonga. Kwa anansi athu ku Zambia, mu 1921 mu mgodi wa ku Kabwe munapezeka chibade cha mtumbira waukulu pamaso, chimene poyamba ena anachiyerekeza ndi cha Neanderthal. Kupima kwa mu 2020 kunaonetsa kuti ndi cha zaka pafupifupi 300,000. Mpaka lero chili ku London, ndipo Zambia yakhala ikupempha kuti chibwerere kwawo. Pa phiri la Hora ku Mzimba napo anapeza mafupa a makanda a zaka zoposa 14,000, ndipo DNA yawo ili m'gulu la zakale kwambiri zimene zawerengedwa kumwera kwa chipululu cha Sahara.

TITOLEPO CHIYANI?

Choyamba, akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Boule anali wophunzira, koma anaona zimene ankayembekezera kuona. Wophunzira weniweni amalola kukonzedwa umboni ukabwera.

Chachiwiri, umunthu sitiuyeza ndi mphuno, khungu kapena chilankhulo. Mu 2016 abale athu a ku Mozambique atathawira kwa Kapise, ambiri a ife tinaona ndi maso kuti mlendo amamva njala ndi kuzizira ngati ife. Mawa ndi m'bale wathu amene adzakhale mlendo ku Joni, akumutcha maina. Timamva bwanji tikamva zimenezo?

Chachitatu, ngati anthu a ku Shanidar anasamala wolumala wawo popanda chipatala kapena njinga, ife tinena kuti chatiletsa n'chiyani?

Sabata ino, aliyense adzifunse: ndani amene ndinamupatsa dzina ndisanamve nkhani yake? Mupiteni, mukamupatse moni.