Kuyenda pa ngalawa ya thanga ku Likoma ndi Chizumulu

Sitima ya Ilala ikakutsitsani ku Likoma kapena ku Chizumulu, ulendo wotsala ndi wa maboti ang'onoang'ono, ndipo ena mwa iwo akuyenderabe thanga. Banja lofuna kuzungulira zilumbazi pa ngalawa yotere lidziwiretu kuti tsiku lonyamuka limasankhidwa ndi mphepo. Mukakonza masiku anayi, onjezerani awiri ongokhala kudikira, ndipo ndalama ya chakudya ndi malo ogona ikwanire masiku onsewo.

Mwera, mphepo yochokera kummwera, umalimba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndipo ukhoza kukuntha masiku angapo osapuma. M'dzinja mumabwera mpoto ndi mkuntho wadzidzidzi. Kwa banja lokhala ndi ana, miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndiyo yabwinoko, ngakhale dzuwa lake n'loswa mtengo. Kawirikawiri nyanja imakhala bata m'mamawa, choncho musanyamuke masana chifukwa choti munachedwa kumwa tiyi.

Zanyengo za pa foni n'zothandiza, koma wodziwa nyanja ya tsikulo ndi msodzi amene wagona pamadzi. Fikani padoko m'mawa, perekani moni kwa akuluakulu, kenaka funsani kuti, "Achimwene, nyanja ili bwanji lero?" Akati lero sakulowa, inunso musalowe, ngakhale mwini ngalawa atakukakamizani poopa kutaya ndalama. Mukaona chinthu chonga utsi chikufuka pakati pa nyanja, si moto ayi, ndi nkhungu, tizilombo touluka tochuluka zedi. Asodzi amazilambalala, inunso uzani woyendetsa achite chimodzimodzi.

Ngalawayo muione musanalipire. Thanga lokhala ndi zigamba si vuto, vuto ndi zingwe zofumbwa. M'ngalawamo mukhale nkhafi, nangula, chokapira madzi, ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense, a ana akhale a msinkhu wawo. Katundu akachuluka mpaka madzi kufika pafupi ndi milomo ya ngalawa, tsikani. Tengani madzi akumwa, zipewa, tochi, machesi ndi foni zokulunga m'pepala la pulasitiki. Muuzeni wina wotsala kumtunda kumene mukupita ndi nthawi yobwerera.

Zilumba ziwirizi n'za Malawi koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Cobue, ku Mozambique, amaoneka pafupi kuchokera ku Likoma, koma kukatsika kumeneko n'kulowa dziko lina, ndiye pasipoti ndi chidindo cha olowa ndi kutuluka zikhalepo.

Tsopano za asodzi, pamene alendo ambiri amalakwitsa. Nyali zimene mumaziona usiku zitandanda panyanja n'za anthu ali pantchito. Siginala amakhala m'bwato ndi nyali kukopa usipa, anzake n'kuzinga nsombazo ndi khoka la chilimira. Ngalawa yodutsa pakati pawo imabalalitsa nsomba ndipo ikhoza kukola khoka la ndalama zambiri. Zungulirani patali. Masana, kachigubu koyandama kapena kachidutswa ka mtengo n'chizindikiro cha ukonde wotcheredwa pansi, musachikoke pofuna kuona.

Pogula nsomba, dikirani bwato likocheze ndipo eni ake ayambe kugawana. Funsani mwini zida ndani, chifukwa amene wanyamula beseni si nthawi zonse ali ndi mphamvu yogulitsa. Kunenerera n'kololedwa, koma kumufinya munthu amene wapalasa usiku wonse kuti akuchotsereni ndalama yosakwana n'sopo yemwe n'kopanda ulemu. Tengani ndalama zing'onozing'ono, chenji padoko chimavuta. Mwezi ukakhala wowala nyali sizikopa nsomba kwenikweni, usipa umachepa ndipo mtengo umakwera, choncho wofuna wouma wopita nawo kumudzi abwere nthawi ya mdima. Kampango kapena utaka wabwino amakhala ndi maso owala, makha ofiira ndi mnofu wolimba. Ana musawalole kuthamanga pakati pa mathandala oyanikapo nsomba kapena kulumpha maukonde, ndipo musajambule munthu musanapemphe.

Doko lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo ofunsa ndi amfumu kapena a komiti ya padoko. Chitsanzo chodziwika ndi chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene ufumu wa Makanjira umatseka usodzi m'dzinja, ndipo mowa, juga ndi amayi saloledwa pachilumbapo. Ku Likoma kulibe zoletsa zotere, koma kufunsa musanamange tenti pamchenga n'kofunikabe.

Tsiku limene mwera wakutsekerezani, kaoneni tchalitchi cha St Peter's ku Chipyela, pa chilumba cha Likoma, chimene amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1903. Mukabwerera kwanu, ngati munasamba m'malo a bango ndi madzi odekha, pitani kuchipatala akakuyezeni likodzo pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ana ndi akulu omwe, ngakhale pasakhale wodandaula.