Kodi Kaisara Ali ndi Ulamuliro Wotani pa Ukwati?

MU June 1958, Richard Loving, mzungu, anakwatira Mildred Jeter, mkazi wakuda, mumzinda wa Washington, D.C. Atabwerera kwawo ku Virginia, apolisi anawagwira usiku ali m'chipinda chawo chogona. Kodi analakwanji? Lamulo la chigawocho linaletsa ukwati wa azungu ndi anthu a mafuko ena. Woweruza anagamula kuti akakhale m'ndende chaka chimodzi, kusiyapo ngati akachoka mu Virginia kwa zaka 25.

2 Pa June 12, 1967, Bwalo Lalikulu la United States linafafaniza chiweruzocho, oweruza onse 9 akumavomerezana. Linagamula kuti ufulu wa kukwatira ngwotetezeredwa ndi lamulo lalikulu la dzikolo, ndi kuti boma silingaulande kaamba ka fuko la munthu. South Africa nayenso anali ndi chiletso chofananacho kuyambira mu 1949 kufikira mu 1985. Komabe, Baibulo linasonyeza kalekale kuti mitundu yonse inachokera mwa munthu mmodzi. Pamene Miriamu anang'ung'udza chifukwa cha mkazi Mkusi wa Mose, amene anakanthidwa ndi khate anali Miriamuyo.—Numeri 12:1-10, Machitidwe 17:26.

3 Kodi zimenezi zikutanthauza kuti malire alionse oikidwa ndi boma ngolakwa? Kutalitali! Maboma ambiri amaika msinkhu wokwatirira, amaletsa ukwati wa pachibale, ndipo amafuna kuti ukwati ulembetsedwe. Mu 1879, bwalo limodzimodzilo linachirikiza lamulo loletsa mitala. Malire oterowo amatetezera ofooka, ndipo samawombana ndi miyezo Yachikristu.—Levitiko 18:6, 1 Timoteo 3:2.

4 Chotero, Mkristu amasiyanitsa lamulo lotetezera ndi lamulo lopondereza. Podziŵa kuti Mulungu ndiye Woyambitsa ukwati, iye samalola tsankho kuloŵa mumtima mwake. Panthaŵi imodzimodziyo, amagonjera maulamuliro aakulu mwa kulembetsa ukwati wake, ngakhale ngati kutero kumafuna ndalama ndi ulendo wautali. Mwamuna akamwalira, chikalatacho chingathandize mkazi wamasiye ndi ana ake pamene achibale adza kudzalanda chuma. Koposa zonse, ukwatiwo umakhala wolemekezeka pamaso pa Mulungu ndi anthu.—Aroma 13:1, Ahebri 13:4.

Mafunso Obwereza

1, 2. Kodi nchiyani chinachitikira banja la Loving, ndipo Baibulo limasonyezanji ponena za mafuko?

3. Kodi ndi malire otani amene amatetezera anthu?

4. Nchifukwa ninji Mkristu amalembetsa ukwati wake?