Make ali kuti?

Mu 2013, kagalu kena kotchedwa Lucy kanapulumutsidwa m'khola la anthu oswetsa agalu pofuna ndalama ku Wales. Kanali ka mtundu wa Cavalier King Charles Spaniel, tija ta makutu aatali ogwa ndi maso aakulu. Kanali ndi zaka pafupifupi 5, ndipo ntchito yake moyo wonse inali kuswa, kulandidwa ana, kenako kuswanso. Msana unali utapindika chifukwa chokhala mothina, mafupa a m'chiuno atagwirana, ubweya utasosoka malo ena, ndiponso kankagwa khunyu. Mayi wina anakatenga n'kukasamala mpaka kanafa mu Disembala 2016. Nkhani yake, imene dokotala wa ziweto Marc Abraham anaifikitsa kwa opanga malamulo, inabala lamulo lotchedwa Lucy's Law. Kuyambira pa 6 Epulo 2020, ku England kamwana ka galu kapena ka mphaka kosakwana miyezi 6 umakagula kwa woweta mwiniwake, kapena kukatenga kumalo osungira nyama zopulumutsidwa. Munthu wongogula n'kugulitsanso anatsekeredwa njira.

Tsono m'bale wanga, ukuganiza kuti ana a agalu ngati Lucy amagulidwa ndi anthu ankhanza? Ayi. Amagulidwa ndi anthu okonda agalu ngati iweyo. Munthu amaona chithunzi pa Facebook, kagalu kosambitsidwa bwino katagona pabulangete, mtima n'kugwa pomwepo. Amafunsa mtengo, amafunsa ngati n'kakamuna kapena kakakazi. Saiwala ngakhale kufunsa ngati angachotsereko pang'ono. Chimene safunsa ndi chakuti: make ali kuti?

Wogulitsa wochenjera amalidziwa funso limeneli ndipo amalizemba lisanafunsidwe. Amakuuza kuti usavutike, akubweretsera yekha, mukumane pamalo omwetsera mafuta galimoto. Umaona ngati ndi ulemu. Nanga n'chifukwa chiyani munthu amene akufuna ndalama zako zambirimbiri sakufuna kuti uone pakhomo pake? Ukaumirira, amati make wapita kwa dokotala, kapena ngolusa. Ena amakuonetsa galu wamkazi wonenepa bwino, koma yang'ana mabere ake ngati akuoneka kuti wayamwitsa, uonenso ngati tianato tikumuthamangira. Ndipo munthu amene lero ali ndi tiagalu ta mtundu wa Maltese, mawa Pug, mkucha Chihuahua, chaka chonse osatha, ameneyo akupikula kwinakwake kumene safuna kuti uone. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Msinkhu nawo uwusamale. Kagalu sikayenera kusiyana ndi make kasanakwane milungu 8, koma kakachepa m'pamene kamakoma m'maso, ndiye ogulitsa amafulumira kukachotsa. Funsa khadi la katemera lolembedwa ndi dokotala amene ungathe kumuimbira foni. Katemera wa matenda a parvo amayamba pa milungu 6 mpaka 8 ndipo amabwerezedwa mpaka kufika pa milungu pafupifupi 16, pomwe wa chiwewe amabwera pa miyezi itatu. Parvo amabisala masiku angapo: kagalu umakatenga kakusewera, posakhalitsa kakukana chakudya, kakusanza, kenako kutsekula m'mimba zamagazi zonunkha. Kathupi kochepa choncho madzi amatha msanga.

Usanyengedwenso ndi mapepala a mtundu. Pepala limangonena makolo a galuyo. Agalu ambiri a mtundu wa Cavalier amadwala mtima akamakula, ndipo ena chigaza chimawachepera moti amamva ululu m'khosi n'kumakanda m'malere, phazi osafika pakhungu. Ku Norway, khoti lalikulu linaletsa kuswetsa mtundu umenewu mu 2023. Woweta woona amatulutsa yekha zotsatira za kupimidwa mtima kwa makolo a tianato, ndipo iyeyo ndi amene amakupanikiza ndi mafunso: uli ndi mpanda? Masana kazikhala ndi ndani? Ine wogulitsa wosandifunsa kanthu ndimamuopa kuposa wokwera mtengo.

Pamene ndikudera nkhawa kwambiri ndi pa chisoni chako, chifukwa ndimakudziwa. Udzafika, udzaona kagalu kofooka, manthongo m'maso, kamimba kotupa, ndipo udzati bola ndikagule ndikapulumutse. Amene amayenda m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre amawadziwa anyamata onyamula tiagalu m'manja padzuwa la masana, ndipo anyamatawo amadziwa kuti kolefuka n'kamene kamaimitsa galimoto. Ukalipira, mmawa mwake pamalo omwewo pakhala kena, ndipo make, amene sunamuone, akwatitsidwanso akangoyamba nyengo. Ndalamayo ibwezere m'thumba, ulembe malowo ndi nthawi yake, ukadziwitse ofesi ya zaziweto ya boma lanu. Ngati uli ku Lilongwe, uza a bungwe loteteza nyama la LSPCA, komwenso kuli agalu opulumutsidwa amene akudikira pakhomo.